Mtengo wa Monaro ya Mayi Zadow

Amayi athu pamodzi ndi Mayi Valda Zadow amakhala pa benchi imodzi m'tchalitchi, wina kumapeto uku wina kumapeto uko, koma sagwirizana pa chimene chidagwetsa mlongo wanga Brenton.

Amayi amati ndi Craig Maddern, wogula ndi kugulitsa magalimoto wa ku Adelaide. "Mwana wanga anali bwinobwino," amatero. "Njoka ija ikanapanda kuponda m'tauni muno, palibe chikanachitika."

Mayi Zadow, amene adaberedwawo, amapukusa mutu. Iwo amati Craig adapeza moto utayaka kale, iye adangokupizira. "Ndinalipo ine pamene mnyamatayo ankavundukula nsalu," amatero. "Ndinamuona m'maso. Munthu uja analedzera asanamwe kanthu."

Onse awiri ndi anthu oona mtima, ndipo aliyense adaona mbali imene mnzake sadaione. Ine ndingofotokoza mmene zidayendera.

Tidakulira ku Loxton, tauni yaing'ono ya alimi m'mbali mwa mtsinje, m'nyumba yoyandikana ndi galaja ya bambo. Bambo athu, Gordon Pfitzner, adali wowongola mabodi a magalimoto komanso mkulu wa mpingo. Chimene adatchuka nacho kwenikweni ndi kuyesa magalimoto akale aja a injini zazikulu, a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, omwe masiku ano amagulidwa pa mtengo wa nyumba. Munthu wofuna kugula kapena kugulitsa galimoto yotero ankawaitana, ngakhale kuchokera ku Perth, ndipo kalata ya mtengo yokhala ndi saini yawo palibe ankaitsutsa.

Kuwaonerera akugwira ntchito kunkachititsa nthumanzi. Ankayamba ndi kamaginito kokulungidwa m'kansalu, n'kukayendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa galimoto. Pamene kagwa, pamenepo palibe chitsulo, wina adamatapo phala kubisa dzimbiri. Kenako ankalowa pansi ndi tochi ndi kagalasi. Injini ikaliza, ankatsamiritsa nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo, chigwiriro n'kuika kukhutu, maso atatsinzina ngati akupemphera. Chomaliza idali nambala ya injini, yodindidwa pa kamalo kosalala kotalika ngati chala, imene iyenera kugwirizana ndi mapepala ndi kachitsulo kokhomedwa pa bodi.

"Penti imanama," ankatiuza. "Wogulitsa amanama. Koma taonani apa." Ankatiunikira timizere ting'onoting'ono, toonda kuposa tsitsi, timene makina a kufakitale amasiya pansi pa nambalayo. "Nambala aliyense atha kudinda. Timizereti palibe angatibweze. Tikachoka tachoka."

Brenton adayamba kugwira nawo ntchito atangomaliza sukulu, ndipo pofika zaka makumi awiri ndi zitatu adali atawaposa. Ankatha kutchula chaka cha galimoto pongomva kutsekeka kwa chitseko. Bambo ankanyadira, koma adali ndi nkhawa imodzi, ndipo adainena tsiku lina tikudya.

"Maso uli nawo kuposa ine, Brenton. Vuto lako ndi limodzi. Ukamayang'ana galimoto yabwino umameza malovu."

"Ndiye ndizilavula, bambo?"

Tonse tidaseka, kupatula bambo. "Galimoto imene waikonda usaiike mtengo wekha. Uzindiitana."

M'mwezi wa Malichi, nyengo yokolola mphesa, bambo adachitidwa opaleshoni ya ng'ala m'maso onse awiri, ndipo dokotala adawaletsa fumbi la m'galaja kwa masabata angapo. Sabata yomweyo Mayi Zadow adaimba lamya. Amuna awo, a Clarrie, adali atamwalira chaka chathacho, ndipo iwo ankafuna kusiya munda wa malalanje n'kukagula kanyumba pafupi ndi mwana wawo Narelle ku Adelaide. M'shedi mudali galimoto imene a Clarrie adagula kwa munthu wina mu 1974. Sankalola aliyense kuiyandikira, ngakhale bambo athu. Ankaikonza okha, n'kumailiza Loweruka lililonse chitseko chili chotseka.

"Upite ukaione," bambo adauza Brenton. "Ndi mayi wamasiye wa mumpingo mwathu. Usakawalipiritse."

Zimene zidachitika m'shedimo adandiuza ndi Mayi Zadow, ndipo pambuyo pake Brenton yemwe adavomereza. Atakoka nsaluyo, kuwala kolowera m'ming'alu ya malata kudagwera pa galimoto ya Monaro ya 1969, ya mtundu wapadera wosowa kwambiri, yachikasu ngati dzira, ya mizere iwiri yakuda pa boneti. Brenton adangoima, nsalu ili m'manja. Mayi Zadow akuti adawerenga m'mtima mpaka makumi atatu mnyamatayo asadaphethire.

"Mwana wanga, uli bwino?"

"Ndili bwino, amayi," adayankha chonong'ona, ngati munthu walowa m'tchalitchi ulaliki uli mkati.

Adayendetsa maginito kuzungulira galimoto yonse, ndipo sidagwe ngakhale kamodzi. Pansi padalibe dzimbiri. Penti idali ya kufakitale, mipando yosang'ambika, tayala lapadera lisadapondeko msewu. Adaunika pa injini. Nambala idagwirizana, timizere tonse tili m'malo mwake. Bambo athu adali atayesa magalimoto kwa zaka makumi atatu osakumanapo ndi yotere.

Mayi Zadow adamupatsa kiyi. Injini itadzuka, malata adanjenjemera, fumbi lidayoyoka kudenga, mbalame zonse za mu mtengo wa panja zidabalalika nthawi imodzi. Sikudali kulira kwaukali, kudali kugunda kwapansi, kofika mpaka m'nthiti. Mayi Zadow adagwira pakamwa, chifukwa kwa iwo phokosolo lidali Loweruka la amuna awo.

Brenton adadziwa mtengo wake pomwepo: madola 260,000, mwina kuposerapo. Akadangounena.

"Ndikuuzani Lachisanu, amayi," adatero. "Pali zina zoti ndifufuze."

Craig adamupeza tsiku lotsatira pa sitolo ya buledi, akudya chamasana. Craig adali ndi chizolowezi chowerenga zidziwitso za maliro m'manyuzipepala a kumidzi, n'kumadzazungulira pakapita miyezi, chifukwa ankati shedi ya mlimi aliyense wakufa ili ndi kanthu.

"Aise! Mwana wa mneneri!" adakuwa, n'kukoka mpando. "Ndamva unali kwa Zadow dzulo. Muli chiyani m'shedi muja?"

"Palibe. Zitsulo chabe."

"Zitsulo? Ndiye bwanji khutu lafiira? Iwe bodza sulitha, usayambe lero." Adamulanda chipisi m'mbale. "Nena. Ndi yeniyeni?"

Brenton adali atagona ndi chinsinsicho usiku wonse, ndipo chinkamuyabwa. Adanena zonse, mpaka za tayala lapadera.

Craig adaliza likhweru. "Ndiye Lachisanu ukawauza zoona agogo aja, galimoto ipite kwa dokotala wa mano wa ku Sydney woti sadziwa pothirira mafuta. Aikhoma m'chipinda cha magalasi, osailizanso. Iwe ubwerere kukawongola mabampala mpaka imvi."

"Ndi yawo."

"Ndani wakana? Tiwagula, sitiwabera. Iwo akuganiza kuti ndi ya ndalama zingati?"

"Amati mwina zikwi makumi atatu."

"Waona? Tikawapatsa makumi awiri ndi zisanu akavina. Iwe ungolemba kuti si yeniyeni, ndi Monaro wamba yovekedwa zovala za mfumu. Ndalama ndiika ine. Tikagulitsa, theka lako."

"Ndalama sindikuzifuna."

"Ukufuna chiyani nanga?"

Brenton adayang'ana pansi.

"Aaa, mwanayu wagwa m'chikondi!" Craig adaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino, mkwati. Ikhala kwanga ku Adelaide, kiyi akhala ndi iwe. Uiyendetse mpaka uikhute."

Lachisanu Mayi Zadow adaphika keke, natulutsa makapu a alendo. Brenton adawapatsa kalata yolembedwa pa pepala la galaja yathu, pansi pake pali saini ya bambo imene adailemba yekha.

"Pepani, amayi. Munthu amene anawagulitsa a Clarrie anawanamiza. Injini si yake. Mizere ndi zizindikiro anachita kuwonjezera. Ingakwane zikwi makumi awiri ndi zisanu, ndipo pali munthu amene angagule."

Mayi Zadow sadafunse za ndalama. Adasalaza nsalu ya patebulo ndi dzanja.

"Ndiye kuti Clarrie ankapukuta bodza zaka zonsezi?"

"Sakanadziwa, amayi."

"Bola anapita asanamve," adatero. "Tenga keke ina, mwana wanga. Wavutika nafe."

Brenton adadya.

Lamulungu, anthu atayamba kupita kutsogolo kukalandira mgonero, iye adatsalira pa benchi. Amayi adamudikira pa galimoto.

"Bwanji sunapite ku mgonero?"

"M'mimba simuli bwino."

"M'mimba? Mazira anayi m'mawa uja anadya ndani?" Adamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndinakuona Lachiwiri uli ndi munthu wa nsapato zoyera uja. Brenton, munthu amene amakuseka akukudyera chakudya chako si mnzako. Chilichonse wakuuza, chisiye."

Kunyumba bambo adali khale pa khonde, atavala magalasi akuda a kuchipatala. "Tandiuza za galimoto ya Clarrie," adatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kuiona."

"Ndi yabodza, bambo."

"Ayi! Zachisoni bwanji." Adapukusa mutu. "Wawauza mwaulemu koma?"

"Inde, bambo."

"Wachita bwino. Nkhani yowawa imafuna munthu wofatsa."

Ndikhulupirira kuti tsiku limenelo Brenton akadatha kubwerera. Padalibe chimene chidali chitaonongeka kupatula pepala limodzi. Koma Lolemba Mayi Zadow adamuimbira kumuuza kuti Narelle sadakhutire, ndipo Loweruka abwera ndi makaniko wake kudzaonanso.

"Basi zatha," Brenton adauza Craig pa lamya. "Akangounika pa injini aona kuti nambala ikugwirizana."

"Ndiye asaipeze nambalayo."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Makina opalira uli nawo. Ipale, uthirepo viniga ndi mafuta akuda, zioneke zakale. Ikafika kuno tidinda yomweyo. Si kunama, aise, ndi nambala yake yomwe."

"Timizere sitibwerera, Craig."

"Timizere! Timizere amationa ndi bambo ako okha, ndipo panopa sakuona ngakhale mphuno yawo. Kapena ukufuna Loweruka tauni yonse idziwe kuti mwana wa mkulu wa mpingo wanamiza mayi wamasiye? Sankha, m'busa."

Apa pamene amayi athu amaloza ndi chala, ndipo akunena zoona: ganizoli lidachokera kwa Craig. Koma chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti m'dziko lonse lino anthu odziwa bwino tanthauzo la timizere tija sakadakwana makumi awiri, ndipo mlongo wanga adali mmodzi mwa iwo. Sadachite mwaumbuli. Mantha a manyazi ndi chilakolako zitagwirana manja, zidamuphimba pa chinthu chimene ankachidziwa kuposa dzina lake.

Lachinayi masana, Mayi Zadow ali ku msonkhano wa amayi a mpingo, Brenton adalowa m'shedi ndi kiyi amene iwo adamubwereka mwa chikhulupiriro. Adatsegula boneti, adakopera nambalayo pa kapepala, nayatsa makina. Adandiuza kuti sizidatenge ngakhale mphindi imodzi. Chinthu chidapulumuka dzuwa, mbewa, chilala ndi kusefukira kwa mtsinje kwa zaka makumi asanu chidatha m'kanthawi kosakwana kuwiritsa dzira. Atazimitsa makina, m'shedi mudati zii, ndipo adasanza kuseri kwa chitseko.

Makaniko wa Narelle adali wa magalimoto a masiku ano. Adaona malo opalidwa, adaona dzina la Pfitzner pa kalata, nakweza mapewa. "Ngati a Pfitzner atero, ine ndine yani?" Sabata yotsatira Craig adabwera ndi lole.

Ku Adelaide adadinda nambala ija, ndipo Brenton adagwira ntchitoyo mwaluso lake lonse. Kenako adalemba kalata yachiwiri, pa pepala la galaja lomwe lija, ndi saini ya bambo yomwe ija, yonena kuti galimotoyo ndi yeniyeni.

Adaiyendetsa kamodzi kokha, Loweruka lina m'mawa, pa msewu wowongoka wodutsa m'minda ya tirigu. Ndidamufunsa kuti zidali bwanji, ndipo ndikufuna kulemba yankho lake mwachilungamo. Adati zidali zonse zimene ankalota. Atapondereza, boneti idadzuka, msana wake udamatirira ku mpando, mitengo ya magetsi idayamba kudutsa ngati mano a chipeso. Adati sadamvepo chinthu chopangidwa ndi manja a anthu chamoyo chotero. Koma adati m'mutu mwake munkangomveka funso la Mayi Zadow la pa tebulo lija, ndipo pobwerera adayendetsa pang'onopang'ono ngati wanyamula maliro.

Kiyi sadamuonenso. Sabata yomweyo Craig adapeza wogula wa ku Sydney.

"Unati ndiiyendetsa mpaka ndiikhute!"

"Ndiye sunakhute? Pita ukadandaule kupolisi, aise."

Wogulayo adabwera ndi woyesa wake, mayi wina wa imvi dzina lake Despina Petrakis. Brenton adalipo. Mayiyo adazungulira galimotoyo kwa ola lathunthu, akudziyankhulira yekha mosangalala ngati mwana. Pomaliza adatulutsa kagalasi kokuza zinthu nawerama pa injini. Atadzuka, nkhope yake idali itasintha.

"Galimoto iyi inali yeniyeni," adatero. "Bauti aliyense akundiuza choncho. Ndakhala ndikudikira kuona yotere moyo wanga wonse. Koma nambalayi yadindidwa mwezi uno, pa chitsulo chopalidwa, ndipo tsopano palibe munthu angalumbire kuti injiniyi ndi yake." Adawayang'ana mmodzimmodzi. "Ndani wachita zimenezi? Sindikufunsa za lamulo. Ndikufuna ndingoona nkhope ya munthu amene anaimirira pamaso pa chinthu chotere n'kuyatsa makina."

Mayiyo adaimbira apolisi ali pomwepo.

Apolisi adatsata eni ake akale, ndipo Narelle adawapatsa kalata yoyamba. Lolemba lina m'mawa wapolisi adafika pa galaja yathu, makasitomala atatu ali pa benchi. Bambo adali atabwerera kuntchito, maso atachira, akuona bwino kuposa kale. Brenton adali m'dzenje, pansi pa galimoto ya munthu, akumva zonse.

Wapolisiyo, amene bambo adamuphunzitsa Sande sukulu ali mwana, adayala makalata awiri pa tebulo. "A Pfitzner, pepani. Galimoto ndi imodzi. Kalata iyi ikuti ndi yabodza, iyi ikuti ndi yeniyeni. Saini iyi ndi yanu?"

Bambo adawerenga onse awiri mpaka pansi. Sadayang'ane ku dzenje.

"Dzinali ndi langa," adatero.

"Ndafunsa za saini."

"Ndamva. Dzinali ndi langa. Tiyeni."

Adavula epuloni, adaipachika pa msomali wake, nakwera galimoto ya apolisi anthu akuona.

Brenton adakhala m'dzenjemo mpaka dzuwa lidafika pamutu. Amayi ndi amene adamupeza. Adagwada pa simenti, nasuzumira pansi pa galimoto.

"Tuluka."

"Sindingathe, amayi."

"Bambo ako ali chete kupolisi kuyambira m'mawa. Ukuwadziwa. Sanama, komanso sakutchula. Akhala choncho mpaka awatsekere." Kenako adati, "Pita ukanene kuti ndi Craig. Ukanene kuti anakukakamiza. Ndi zoona, si choncho?"

Brenton adayankha ali m'dzenje momwemo.

"Craig sanagwire makina, amayi."

Adatuluka, ndipo adayenda wapansi mpaka kupolisi, ovolosi ili ndi mafuta, kudutsa pakati pa tauni nthawi ya chamasana. Adanena zonse, osasiya ngakhale za viniga.

Khoti lidamupatsa chaka ndi theka m'ndende. Craig adaumirira kuti iye adangokhulupirira makalata a katswiri, ndipo popeza padalibe pepala lililonse lokhala ndi dzanja lake, adatuluka ndi chindapusa chochepa. Galimoto idabwezedwa kwa Mayi Zadow, amene adabweza ndalama za Craig. Koma tsopano idali galimoto ya nambala yokayikitsa, ya mbiri ya kukhoti, ndipo amene adayerekeza kuigula sadapitirire zikwi makumi asanu ndi limodzi. Kanyumba ka ku Adelaide kadagulidwa ndi ena.

Achinyamata amene muwerenge izi, chenjezo langa ndi ili. Kusirira chinthu chokongola si tchimo. Mulungu adapatsa anthu nzeru zopangira zodabwitsa, ndipo mlongo wanga sadalakwe kuima kakasi m'shedi muja. Adalakwa pamene kudabwa kudasanduka kufuna, iye n'kubisa zimenezo kwa anthu amene akadamuthandiza. Bodza loyamba limaoneka laling'ono, koma silikhala lokha. Limafuna lachiwiri kuti liliteteze, ndipo tsiku lina limakutumani kukaononga ndi manja anu chinthu chomwecho chimene mumachifuna. Luso lanu silidzakutetezani. Ndi luso lomwelo limene tchimo lidzagwiritse ntchito. Ndipo musaganize kuti mudzalipira nokha.

Brenton atatha mwezi m'ndende, bambo adapita kwa Mayi Zadow kukapempha kuti aione galimotoyo. Ndidawaperekeza. Adakhala m'shedimo maola awiri. Maginito, tochi, kagalasi, zonse mwa dongosolo lake. Atailiza n'kuika khutu pa chigwiriro, ndidaona misozi ikutsika m'masaya mwawo, maso ali chitsinzinire. Pa malo a nambala adangogusapo chala kamodzi.

Madzulo ake adatiuza chimene ankafuna kuchita, ndipo m'nyumba mudabuka mkangano.

"Galaja ndiyo penshoni yathu, Gordon!" amayi adatero. "Mwana ali m'ndende, akulipira kale. Wakuba weniweni akudya nyama ku Adelaide. Ife tilipirenso chifukwa chiyani?"

"Ndende ikuwagulira nyumba a Valda?"

"Simunapale ndinu nambala ija!"

"Sindinapale. Koma anatsegula shedi chifukwa cha dzina langa. Makaniko uja anatseka pakamwa chifukwa cha dzina langa. Ndinkadziwa kufooka kwa mwana wanga, n'kumutuma yekha."

Abusa adabwera nawonso, nanena mofatsa kuti kholo silisenza mlandu wa mwana wamkulu, ndiponso kuti nthawi zina munthu amadzilanga mopyola chifukwa cha kunyada, osati chilungamo. Ndimaona kuti mawu amenewo adali ndi nzeru. Amayi adali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo adali atagwira ntchito m'galajamo mofanana ndi bambo. Lamulo silinkawakakamiza kanthu. Komanso Brenton akadzatuluka akadafuna pogwira ntchito, ndipo ndani wina akadamulemba? Mbali inayi, padali mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu, yekhayekha pakati pa malalanje amene sakadathanso kuwasamala. Ine ndidalephera kusankha, ndipo ndidawauza choncho.

Bambo adamvetsera onse kwa masabata awiri. Sadafune kuchita kanthu amayi asadavomere, poti galajayo idali ya awiri. Tsiku lina m'mawa amayi adaika mapepala a galaja pafupi ndi mbale ya bambo.

"Sindikugwirizana nazo," adatero. "Koma sindingagone ndi munthu wosagona. Ndasaina."

Bambo adapita kwa Mayi Zadow tsiku lomwelo, ine ndikuyendetsa. Bambo adakana kukhala pansi. Adatulutsa kalata ya mtengo, yolembedwa ndi dzanja lawo, naiika pa tebulo.

"Valda, choyamba ndi ichi. Clarrie sanapukute bodza. Galimoto yake ndi yabwino kuposa zonse zimene ndaziona. Chachiwiri, ndikufuna kuigula. Mtengo ndi umenewo."

Mayi Zadow adavala magalasi, adawerenga, nawavulanso.

"Gordon, mwapenga? Galimoto ija siifika pamenepa. Aliyense akudziwa."

"Lero siifika. Tsiku limene munapatsa mwana wanga kiyi inkafika. Ine ndikugula ya tsiku limenelo."

"Nanga ndalama zotere muzitenga kuti?"

"Galaja yapeza wogula," bambo adatero. "Mundibwereke cholembera."